Mng'oma wa Zikho Zinayi

Padangokhala, kale nyama zikadabwerekana mchere ndi moto. Tsiku limene Nagologolo anatenga mng'oma wa njuchi kwa Chiuli, amene analipo ndi awa: Chiuli mwini wake, wobwereketsa ming'oma, mkazi wake, amene ntchito yake inali kuvomera zonse zimene mwamuna wanena, a Nang'omba, nduna ya milandu, amene anaitanidwa kuti akhale mboni, ndi Fulu, amene ankangodutsa koma anaima atamva fungo la uchi. Amene panalibe ndi awa: mlongo wake wa Nagologolo, amene akanamugwira mkono n'kumubweza kunyumba, anali kuchikamwini kutali, ndi Mbira, amene anatengapo mng'oma womwewo chaka chinacho, anali atasamuka osatsanzika aliyense, ndipo palibe anafunsa chifukwa chake.

Chimene chinamufikitsa Nagologolo pakhomo pa Chiuli ndi nyimbo. M'mudzimo amayi ankasinja pamodzi m'mawa uliwonse, ndipo woyambitsa nyimbo anali a Nankhanga, omwenso ankasunga nkhokwe ya mbewu ya mudzi wonse. Nyimboyo inali ya angongole. A Nankhanga ankatchula dzina, amayi n'kuvomera potchula chimene mwini dzinalo anabwereka, kenako minsi yonse n'kugwera pamodzi pa mawu onena kuti sanabweze. Wangongole zikuluzikulu ankayambira, mawu akadali ndi mphamvu. Wangongole zazing'ono ankabwera kumapeto, amayi atatopa, moti dzina lake linkamira m'phokoso la minsi. Ndipo lamulo linali loti amene dzina lake lili kumayambiriro kwa nyimbo salandira mbewu ya m'nkhokwe.

Dzina la Nagologolo ndilo linkatsegula nyimbo. Sanali wakuba, ayi. Vuto lake linali la mtundu wawo: akangolandira chinthu ankathamanga kukachikwirira kuti chisabedwe, kenako n'kuiwala pamene wakwirira. Mtedza wambewu wa a Nankhanga, lichero lodzaza, anaukwirira. Mchere wa Nakanyimbi anaukwirira, mvula n'kuusungunula. Singano ya Nanungu nayo inalowa m'nthaka. Eni ake akabwera kudzalonjerera, pakamwa pa Nagologolo pankatuluka nkhani zokoma moti ankabwerera akuseka, n'kukakumbukira ali kwawo kuti abwera chimanjamanja. Dzinja limenelo anzake anadzala, munda wake iye unamera udzu, ana ake atatu n'kumadya zotola. Dzinja lina likanamudutsa chomwecho, anawo sakanafika masika.

"Khalani pansi, mayi, khalani pansi," anatero Chiuli, mano onse pamtunda. "Ine nyimbo za pamtondo sindimvera. Amene ena amutaya, ine ndimamutola. Mng'oma ndi uwu, njuchi zili kale m'katimo. Nyamulani lero lomwe, osapereka kanthu."

"Osapereka kanthu, bambo?"

"Lero ayi. Mwezi ukaoneka, mawa lake dzuwa lisanalowe, mundibweretsere chikho chimodzi cha uchi. Miyezi inayi, zikho zinayi, mng'oma ndi wanu. Uchi wotsala muzidya ndi ana, wina muzibwezera ngongole zanuzo."

A Nang'omba anakhosomola. "A Chiuli, mng'oma wotere kumsika ndi chikho chimodzi."

"Zoona, a nduna. Ngati mayiwa ali nacho chikhocho lero, kumsika si kutali."

Nagologolo analibe ngakhale dontho la uchi.

"Koma timvane," anapitiriza Chiuli. "Mpaka chikho chomaliza chitalowa m'manja mwangamu, mng'oma ndi wanga. Mukaphonya tsiku ndimabwera kudzautenga, ndipo zimene munapereka kale ndi za lendi, sizibwerera. Koma mukamaliza, ndidzapita ndekha pamtondo kukawauza amayi aja kuti Nagologolo amalipira."

Mawu omalizawo ndi amene anamulowa Nagologolo mumtima.

"Mwamva bwino, mayi?" anafunsa a Nang'omba.

"Ndamva, a nduna."

Ananyamula mng'oma, nakaupachika kuseri kwa nyumba yake.

Mwezi woyamba anapereka. Wachiwiri anapereka. Wachitatu anapereka. Ndipo nthawi zonse Chiuli akalandira, ankanyamula chikhocho n'kudutsa nacho pamtondo, akufuula kuti aliyense amve: "Walipira lero, koma mng'oma ndi wanga mpaka chikho chomaliza!" Amayi ankangomuyang'ana, n'kupitiriza nyimbo yawo, dzina la Nagologolo lili patsogolo monga kale.

Mwezi wachinayi utaoneka, Nagologolo anadzaza uchi wake, nathamanga. Anapeza mkazi wa Chiuli akusesa.

"Odi! Bambo alipo?"

"Apita kumaliro. Azakhali awo atisiya."

"Pepani. Ndiye landirani ndinu, mayi, ichi ndi chomaliza."

"Ine za ming'oma sindigwira. Adikireni."

Anadikira. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, linalowa. M'mawa mwake Chiuli anatulukira kuseri kwa nyumba ya Nagologolo, mapazi oyera opanda ndi fumbi lomwe la ulendo, n'kuyamba kumasula mng'oma.

"Bambo, ndinabwera dzulo! Uchi wanu ndi uwu!"

"Dzulo ndi dzulo, mayi. Uchiwo bweretsani, ndi wa kuchedwa." Anatenga uchi, anatenga mng'oma.

Nagologolo anathamangira kwa a Nang'omba.

"Munapereka m'manja mwake dzuwa lisanalowe?"

"Ndinafika pakhomo, a nduna."

"Ndafunsa za m'manja. Alipo anakuonani?"

"Mkazi wake."

A Nang'omba anangopukusa mutu. M'mawa mwake a Nankhanga anayambitsa nyimbo, ndipo amayi povomera anawonjezera mng'oma pamwamba pa mtedza, mchere ndi singano. Minsi inagwa molemera kuposa masiku onse. Nagologolo anatseka chitseko, koma nyimbo ya pamtondo imalowera m'ming'alu.

Angapite kuti? Kwa Nakanyimbi, chitseko. Kwa Nanungu, chitseko. Anabwerera kwa Chiuli.

"Ndinadziwa kuti mubwera," anatero Chiuli. "Ine sindisunga chakukhosi. Tiyambirenso. Munatsala pang'ono, mayi, pang'ono zedi. Kuusiya pano kungakhale kutaya zonse zija."

Anaunyamulanso mng'oma womwe uja. Woyamba, wachiwiri, wachitatu, anapereka, Chiuli akufuula mawu ake pamtondo. Wachinayi utaoneka, Nagologolo anati lero sandithawa. Analawirira, nampeza Chiuli akutsuka m'kamwa.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Lero kulibe maliro?"

"Tadzuka, mayi. Inu ndiye mwalawira." Chiuli analowa m'nyumba, natuluka atakumbatira chikho chachikulu ngati mtsuko. "Thirani muno."

"Chimenechi si chikho chija."

"Chija chinasweka dzana. Tinapangana chikho, ichi si chikho?"

Nagologolo anathira uchi wake wonse. Unangonyowetsa pansi.

"Dzuwa lilipo," anatero Chiuli. "Kadzazeni."

Anathamanga. Anafinya zisa zonse za mumng'oma mpaka manja kuwawa, uchi n'kufika pakati. Anapita khomo ndi khomo.

"Achemwali, ndibwerekeni uchi pang'ono, ndibweza mwezi wamawa."

"Mchere wanga uja wabwera nawo?" anafunsa Nakanyimbi.

"Asisi, ngakhale wodzaza chigoba cha nkhono."

"Singano," anatero Nanungu, osatukula ndi mutu womwe.

Dzuwa linalowa chikho chili pakati. Chiuli anatenga uchi wa pakatiwo, anatenganso mng'oma. M'mawa mwake nyimbo inamveka mpaka kudambo, ndipo ana a anthu ena anayamba kuiimba posewera, akumenya pansi ndi timitengo pa mawu aja oti sanabweze. Ana a Nagologolo anasiya kutuluka panja.

Fulu, uja ankangodutsa tsiku loyamba, anakumana naye panjira.

"Mayi, ine sindilowerera za eni, koma mng'oma umenewo ndimaudziwa. Mbira anaulipira kawiri. Iye asanautenge, unali kwa Gwape. Palibe anaonapo chikho chachinayi chikulowa m'manja mwa Chiuli."

"Bwanji simunanene tsiku lija, agogo?"

"Munandifunsa?"

Nagologolo anakhala pansi pomwepo. Akausiya mng'oma, alibe pena popezera chobwezera a Nankhanga. Akautenga, Chiuli amudyanso. Ndipo miyezi inayi yotsatira inali yomaliza mvula isanagwe. Anaganiza mpaka mchira unasiya kugwedera. Kenako anadzuka, napita kwa a Nang'omba atanyamula nkhuni zochepa za ulemu.

"A nduna, ndabwera kudzafunsa chabe, popeza ine sindidziwa malamulo. Njuchi zija zikaluma wodutsa, amalipira ndani?"

"Mwini mng'oma."

"Amalipira chiyani?"

"Mbola imodzi, chikho chimodzi cha uchi."

"Chikho chake chiti, a nduna? Pajatu zikho zimasiyana."

"Chimene mwiniyo amayezera pakhomo pake. Mwafunsiranji? Zaluma wina?"

"Ayi, ndimangoopa. Ana amasewera pafupi."

Kuchoka apo analunjika kwa Chiuli, maso ali pansi, mawu ofatsa ngati a mkamwini watsopano.

"Bambo, ndibwerekeninso."

"Chikho ndi chachikuluchi tsopano, mukudziwa."

"Ndikudziwa. Chimenechi ndicho mumayezera pakhomo pano, eti?"

"Chomwechi. China ndilibe."

"Muwauze amayi pamtondo, bambo, kuti ndisadzatsutsane nanu."

Chiuli anaseka, nakawauza.

Miyezi itatu imeneyo inali yowawa. Kuti adzaze chikho chija, Nagologolo ankapereka uchi wonse, n'kuwonjezera wina wogula ndi ganyu wosenda mtedza wa eni. Ana ankangotafuna phula. Chiuli ankadutsa pamtondo atasenza chikho chake, akufuula kuti mng'oma ndi wake mpaka chomaliza, ndipo Nagologolo ankaima poonekera n'kumavomera ndi mutu. Kenako kunagwa kamvula koyamba kozimitsa lupsa, ndipo a Nankhanga analengeza kuti mwezi ukangooneka atsegula nkhokwe ya mbewu.

Mwezi unaoneka. M'mawa mwake Nagologolo anasenza chikho chodzaza tho, koma sanalunjike kwa Chiuli. Anayamba wadzera pamtondo.

"Amayi, taonani, chadzaza kapena sichinadzaze?"

A Nankhanga anasuzumira. "Chadzaza."

"Dzuwa lili pati?"

"Langotuluka kumene. Ukutifunsa ngati tilibe maso?"

Anafika kwa Chiuli, napeza mkazi uja akusesa.

"Odi! Bambo alipo?"

"Apita kumaliro. Azakhali awo atisiya."

"Aja anatisiya mwezi uja?"

"Enanso."

"Banja ili lili pamavuto. Pepani, mayi."

Anabwerera nacho chikho, nakachitula pamtondo kuti amusungire. Kenako anathamangira kuseri kwa nyumba yake, anatseka khomo la mng'oma ndi dothi, naugwetsa pansi, n'kuyamba kuugubuduza. M'katimo njuchi zinkalira ngati mvula yamkuntho. Anaugubuduza mpaka pamtengo umene Njati, mkulu wa asilikali, ankadzikandapo msana masana alionse akamachokera kukamwa madzi. Njatiyo anali wosachedwa kupsa mtima. Anapondapo Nkhandwe chifukwa chongomudutsa kutsogolo, ndipo Nkhandweyo mpaka lero amatsimphina. Nagologolo ankadziwa kuti akalakwitsa pang'ono, mlandu sudzafika n'kwa a Nang'omba komwe, udzathera pansi pa ziboda.

Anaukoka mng'oma ndi luzi, naupachika m'munsi, nachotsa dothi lija, n'kukwera pansonga penipeni.

Dzuwa lili pamutu Njati anafika. Anatsamira mtengo, natseka maso, nayamba kudzikanda. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu luzi linaduka, mng'oma n'kumugwera pakati pa nyanga.

Kubangula kwake kunamveka mudzi wonse. Anadzigubuduza pansi, anathamangira uku, anabwerera uku, njuchi zili naye m'mphuno, m'makutu, m'zikope. Pamene zinkabalalika, nkhope ya Njati inali itatupa ngati dzungu, diso limodzi lokha likuona. Diso limenelo linakwera mumtengo, n'kumupeza Nagologolo.

"Iwe! Mng'oma uwu ndi wako?"

"Ayi, bwana!"

Njati anagunda mtengo ndi mutu. Nagologolo anatsala pang'ono kugwa.

"Ndi wa yani?"

"Bwana, ine ndimangobwereka! Mwini wake ndi a Chiuli! Funsani amayi pamtondo, amanena okha mwezi uliwonse!"

Anagundanso. Nthambi imene Nagologolo anagwira inalira.

"Lero lomwe ndimafuna kumaliza kulipira kuti ukhale wanga, koma akuti apita kumaliro!"

Njati anatembenuka. Nyama zonse zinali zitasonkhana chapatali.

"Zoona zimenezi?"

"Amanena yekha," anatero a Nankhanga. "Makutu athu anatopa nazo."

Njati anauyamba wa kwa Chiuli, mudzi wonse pambuyo pake. Mkazi uja anangoti, "Apita kumali—" Njati n'kuponda pansi ndi mphamvu. Denga la una umene unali pansi pa bwalolo linagumuka, ndipo m'dothimo munatuluka Chiuli, uchi uli kundevu.

"Maliro ali pansi pano?" anafunsa Fulu.

A Nang'omba anafika akupuma mwamphamvu, naima pakati Njati asanatsitse nyanga. "Mlandu ukambidwe, a mkulu wa asilikali! Mlandu ukambidwe!" Anayamba kuzula mbola pankhope pa Njati ndi mlomo wawo, n'kumaziika patsamba. Tsamba linadzaza. Anatenga lina, linadzazanso. Chiuli ankayang'ana masambawo, n'kuyang'ana chikho chake chachikulu chimene amayi anabwera nacho kuchokera pamtondo, n'kuyang'ananso masambawo.

"Lamulo mukulidziwa," anatero a Nang'omba. "Mbola imodzi, chikho chimodzi, choyezera cha mwini mng'oma. A Chiuli, mng'oma ndi wanu?"

"Si wanga! Ndi wa mayiyu! Anamaliza kulipira!"

"Liti?"

"Lero."

"Lero munali kumaliro. Uchi wake ndi uwu, sunalowe m'manja mwanu."

"Ndiye mwezi watha. Chomalizacho ndinamukhululukira."

"Mwezi watha munadutsa pamtondo mukufuula kuti ndi wanu," anatero a Nankhanga.

"Mwezi winawo!"

"Munafuulanso."

Njati anapala pansi ndi chiboda. Fumbi linamuthira Chiuli m'maso.

Nagologolo anayandikira, manja kumbuyo, mawu apansipansi. "A nduna, ine sindidziwa malamulo. Koma mwina bambowa akukumbukira ulendo woyamba uja, pamene ndinafika pakhomo ndi chikho chachinayi dzuwa lisanafike pamutu. Kapena tsiku limenelo analipo, monga alipo leromu?"

Chiuli anayang'ana nyanga za Njati.

"Ndinalipo," anatero.

"Kwezani mawu," anatero a Nang'omba.

"Ndinalipo! Anafika pa nthawi yake! Uchiwo ndinalandira! Mng'oma unali wake kuyambira tsiku limenelo!"



"Chabwino," anatero a Nang'omba. "Ndiye uchi wa ulendo wachiwiri ndi wachitatu munkalandira wa chiyani, pa mng'oma wa mwini wake? Mubweze."

"Ndinagulitsa wonse, a nduna. Ndizibweza pang'onopang'ono."

"Mwezi ukaoneka, bambo," anatero Nagologolo. "Ine maliro sindikhala nawo kawirikawiri, mudzandipeza."

Amayi anaseka, koma kuseka kunadukira panjira, chifukwa diso lija la Njati linali litabwerera kwa Nagologolo.

"Ndiye mng'oma ndi wako."

"Ndangomva kumene, bwana."

"Lipira."

"Ndilipira, bwana. A nduna, mwati choyezera cha pakhomo pa mwini?"

"Ndatero."

Anathamangira kwawo, nabwera ndi chikho chake chimene ankamwetsera ana. Chinali ngati dzira la njiwa.

Mpweya wa m'mphuno mwa Njati unaulutsa mbola zina patsamba. "Ukundiseka?"

"Sindingayerekeze, bwana. China ndilibe. Amayiwa amachidziwa."

"Ndi chomwecho," anatero Nakanyimbi. "Mchere wanga anatengera momwemo."

Njati anatsitsa mutu mpaka nyanga inakhudza pansi pafupi ndi phazi la Nagologolo. Nagologolo sanasunthe. A Nang'omba anati, "A mkulu wa asilikali, lamulo limene lakupezerani wolipira ndi lomwe lasankha chikho." Njati anadzutsa mutu.

"Thira."

Nagologolo anatunga m'chikho chachikulu chija, mbola imodzi kachikho kamodzi, a Nang'omba akuchotsa mbola patsamba. Uchi unatha tsamba loyamba litatha. Lachiwiri linatsala.

"Limenelo ndizidzatenga ndekha pakhomo pako," anatero Njati. "Ndipo ine sindiimba nyimbo."

M'mawa mwake Nagologolo anadzuka msanga, natsegula chitseko chonse kuti amve bwino. Minsi inayamba. A Nankhanga anatchula dzina loyamba: Chiuli. Amayi anavomera ndi uchi wa miyezi yonse ija, minsi n'kugwa mpaka nthaka kunjenjemera. Nagologolo anayamba kuvina pakhomo. Kenako a Nankhanga anatchula dzina lachiwiri, ndipo linali lake. Mtedza, mchere, singano. Mng'oma wokha ndiwo unachoka.

Anafika pamtondo akuthamanga. Kumwamba kunali kutada, mabingu akumveka kutali, ndipo nkhokwe inali yotsegula, amayi ena atandanda kale ndi malichero.

"Amayi, simunamve dzulo? A Chiuli ananena okha kuti ndinalipira!"

"Mawu a wobisala kuuna ndiwo atsegule nkhokwe yanga?" anatero a Nankhanga, osasiya kusinja. "Ukuyesa sitinakuone ukugubuduza mng'oma? Nzeru uli nazo, mwana iwe, zochuluka mpaka zimatiopsa. Koma ine sindinakubwereke nzeru. Ndinakubwereka mtedza."

"Mtedza ndilibe, amayi. Uchi wapita kwa a Njati. Njuchi zomwe zathawa theka."

"Ndiye uli ndi chiyani?"

Pakamwa pa Nagologolo panafika nkhani yokoma, ya mlongo wake amene akubwera ndi thumba la mtedza kuchokera kuchikamwini. Inali nkhani yabwino, amayi akanaseka. Anaimeza.

"Phula," anatero. "Ndili ndi phula lokha."

"Kumsika amagula phula."

Anapita, anagulitsa phula lonse, nagula mchere. Anaupereka kwa Nakanyimbi pamaso pa onse, n'kuwonjezera kachikho kena pamwamba.

"Aka n'kachiyani?"

"N'ka nsapato zimene munatha pondilondola."

"Ine nsapato ndilibe," anatero Nakanyimbi, koma analandira.

A Nankhanga anatenga sefa wawo watsopano. "Tenga uyu. Ndikumufuna dzuwa likafika pamutu."

"Ndilibe chosefa, amayi."

"Ndikudziwa. Tenga."

Nagologolo anapita naye kunyumba, namuika pamphasa, nakhala pafupi. Sipanapite nthawi, manja anayamba kuyabwa. Bwanji akabedwa? Bwanji mwana akamuponda? Paja kuseri kuli dothi lofewa, kungokumba pang'ono, kungobisa mpaka masana. Anapezeka ataima pakhomo sefa ali m'manja, phazi litayamba kale kupala pansi. Anabwerera m'nyumba, anamuika sefa pamutu ngati chipewa, nakhalira manja ake onse awiri. Ana anamufunsa ngati wadwala, iye anati asamulankhulitse. Mvula inayamba kudontha padenga. Kunja ankamva malichero a anzake akudzazidwa, mmodzi mmodzi, ndipo ankadziwa kuti nkhokwe ili ndi pansi pake.

Dzuwa silinkaoneka chifukwa cha mitambo, choncho sanadikire kuti aziganizira. Anathamanga sefa ali pamutu.

"Nthawi sinakwane," anatero a Nankhanga.

"Landirani, amayi, manja angawa sindikuwakhulupirira."

A Nankhanga anamutembenuza sefayo, namununkhiza ngati ali ndi dothi. Kenako anakweza munsi, nayambitsa nyimbo kachiwiri tsiku lomwelo, chinthu chimene sankachita. Dzina la Chiuli linatsegula nyimbo. Anatsatira Nkhandwe wa mowa wangongole, anatsatira ena awiri. Dzina la Nagologolo linabwera pakati, mchere utachokapo, ndipo minsi inagwa mopepuka.

"A pakati amalandira theka la lichero," anatero a Nankhanga. Anakokola pansi pa nkhokwe, nathira. Nagologolo anatambasula manja, koma iwo sanamupatse. Analisenza okha lichero. "Tsogola, tipite kumunda kwako. Kukwirira ndiye umatha. Lero ukwirira pamzere, ine ndikuona."

Anadzala mvula ikuwagwera pamsana, mtedza umodzi umodzi, a Nankhanga ali chiimire kumapeto kwa mzere mpaka lichero linatha.

Nthano yathera pamenepo, koma ngongole sizinathere pomwepo. Nagologolo akadali ndi lichero ndi theka la mtedza kwa a Nankhanga, lobweza pokolola. Singano ya Nanungu sinapezeke, ndipo sinagulidwe ina. Kwa Njati kwatsala tsamba limodzi la mbola, wachotsapo zochepa. Chiuli ayenera kubweza zikho zazing'ono zitatu, zazikulu zitatu, ndi theka lija la chachikulu. Pa zonsezi wabweza chimodzi, chaching'ono, chosadzaza. Za Mbira ndi Gwape palibe wabwera kudzazifunsa.